MSILAMU NDI ULENDO WA TCHUTHI KU MIZINDA YA JUGA

Khutbah ya Jumu'ah, Benga, m'boma la Moatize

KHUTBAH YOYAMBA

Alhamdulillah. Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini thambo ndi nthaka, Amene amagwetsa mvula pa minda yathu, Amene anabisa malasha pansi pa mapazi athu, nayendetsa Zambezi ndi Revúboè pakati pathu popanda kutilipiritsa kanthu. Tikumuyamika pa zomwe watipatsa, ndipo tikumupempha chikhululuko pa zomwe taononga. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, alibe wothandizana naye, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake komanso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsata mwaubwino kufikira tsiku la Qiyaamah.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza tokha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi pobisika, kwathu kuno kumene aliyense amatidziwa, ndiponso kutali kumene kulibe wotidziwa dzina.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, chaka chikupita kumapeto. Ogwira ntchito ku migodi ya Moatize ndi Benga, oyendetsa malole pa msewu wa N7, aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi, amalonda a pa malire a Zóbuè, ambiri akuwerenga masiku kuti apume. Ena akuyembekezera malipiro owonjezera aja timawatchula kuti décimo terceiro. Ena asunga pang'onopang'ono kuyambira mwezi wa Januwale. Ndipo otsatsa malonda akudziwa bwino kuti ino ndiyo nyengo imene m'matumba mwa anthu mumalemerako. N'chifukwa chake mafoni athu adzaza ndi zithunzi za mizinda yowala usiku ngati masana. Kumaiko a kumpoto Disembala ndi mwezi wa chisanu, ndipo anthu amaitanidwa kukathera tchuthi ku Las Vegas kapena ku Macau. Kwa ife Disembala ndi mwezi wa kutentha ndi mvula yobzalira, ndipo tikuitanidwa ku Sun City, ku Johannesburg, ku Mbombela. Nyengo ndi yosiyana, koma nyambo ndi imodzimodzi.

Tamva achinyamata athu ndi akuluakulu omwe akufunsa kuti: kodi pali vuto kupita ku malo otere ndi banja, kukasambira, kukadya, kukajambulitsa zithunzi, bola osakhudza juga? Funso limeneli ndi loyenera kuliyankha mwachilungamo, ndipo ndilo phunziro lathu lero.

Mizinda imeneyi inamangidwa ndi ndalama za yani?

Tiyambe ndi Sun City, chifukwa ndiyo yomwe ili pafupi ndi ife. Malowa ali m'chigawo cha North West ku South Africa, kufupi ndi Rustenburg ndi nkhalango ya nyama ya Pilanesberg, ulendo wa maola awiri kapena kupitirirapo pang'ono kuchokera ku Johannesburg. Anatsegulidwa mu Disembala 1979, ndipo amene anawamanga ndi Sol Kerzner. N'chifukwa chiyani anasankha kumanga kutchire kumeneko? Pa nthawiyo malamulo a South Africa ankaletsa makasino. Koma boma la tsankho linali litadula chigawo china n'kuchitcha dziko lapalokha la Bophuthatswana mu 1977, ndipo m'menemo juga inali yololedwa. Choncho malowa anabadwa kuti anthu azikachitirako zomwe kwawo zinali zoletsedwa. Mahotela, mabwalo a masewera, nyumba yachifumu ija anaitsegula mu 1992 ndi dzina loti Palace of the Lost City, ndi dziwe la mafunde opangidwa ndi makina lotchedwa Valley of Waves, zonsezi zinamera mozungulira nyumba ya juga. Kuchokera mu 1996 malamulo a dzikolo analola makasino m'zigawo zonse, ndipo lero pali Montecasino ku Fourways, Emperors Palace pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ndi Emnotweni ku Mbombela, moyandikana ndi masitolo amene anthu ambiri a ku Mozambique amakagulako katundu.

Macau ndi mzinda umene unali pansi pa Apwitikizi monga momwe dziko lathu linalili. Iwo ndi amene analoleza juga kumeneko m'zaka za m'ma 1800. Mzindawu unabwezedwa ku China pa 20 Disembala 1999, ndipo ndi malo okhawo m'dziko lonselo amene makasino amaloledwa. Pofika 2006 ndalama za juga za ku Macau zinaposa za msewu wotchuka wa makasino wa ku Las Vegas. Nayo Las Vegas ili pakati pa chipululu cha Nevada, ndipo inayamba kukula motere pambuyo poti chigawocho chaloleza juga mu 1931.

Tsono tidzifunse. Mzinda wa Tete uli ndi mtsinje ndi milatho. Moatize ili ndi malasha ndi njanji. Angónia ili ndi chimanga ndi mbatata. Nanga nyumba ya juga imakolola chiyani? Ilibe munda, ilibe mgodi, ilibe chimene imapanga. Nyali zonse zimene mukuziona pa chithunzi, makapeti, akasupe a madzi, alonda ovala bwino pakhomo, zinalipiridwa ndi anthu amene analowa ndi ndalama n'kutuluka chimanjamanja. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Masamu amene mwini kasino amawadziwa

Ena amaganiza kuti juga ndi nkhani ya mwayi, lero ndaluza mawa ndipambana. Kwa wotchova zimaoneka choncho. Kwa mwini nyumba ndi masamu okhazikika.

Titenge gudumu lija amalitcha roleta. Lili ndi zipinda 37, kuyambira 0 mpaka 36. Tiyerekeze kuti anthu 37 aika aliyense 100 meticais, yense pa nambala yakeyake. Patebulo pali 3,700 meticais. Kampira kagwera pa nambala imodzi. Wopambanayo amupatsa kuchulukitsa ka 35 pa zomwe anaika, kuphatikiza 100 yake ija, zonse pamodzi 3,600. Yatsala 100. Imeneyo ndi ya mwini nyumba, ndipo waitenga popanda kuopa kuluza kalikonse. Pa 100 meticais iliyonse yoikidwa pa gudumu limeneli, pafupifupi 2.70 imatsala m'manja mwake. Pa gudumu la ku America, lomwe lili ndi zipinda 38, gawo lake limaposa 5 pa 100 iliyonse. Wina anganene kuti n'zochepa. Koma gudumulo limazungulira usana ndi usiku, ndipo wopambana kawirikawiri sanyamuka, amabwezeranso zomwe wapambana patebulo pomwepo. Ndalama ikamazungulira kambirimbiri, ulendo uliwonse ikubenthulidwa pang'ono, mapeto ake imatha ngati mchere wogwera m'madzi.

Makina a juga aja oyaka nyali nawonso anawakonza kuti azibweza zochepera zomwe ameza. Alibe chikumbumtima. Sadziwa kuti mwaluza kakhumi, ndipo alibe ngongole ndi inu. Mawu oti makina awa atsala pang'ono kutulutsa ndi manong'onong'o a Satana basi.

Ndipo nyumba zimenezi anazimanga akatswiri odziwa mtima wa munthu. Zambiri mwa izo zilibe wotchi pakhoma kapena zenera loonetsa dzuwa. Ku Montecasino denga analipenta ngati thambo, kotero kuti munthu ali m'kati koma akuona ngati ali panja pa nthawi yosasintha. Pakhomo ndalama zako amazisintha kukhala timabatani ta pulasitiki kapena khadi, kuti dzanja lisamve kulemera kwa thukuta lako pamene ukuponya. Munthu amene amanyinyirika pokweza mtengo wa chapa ndi 5 meticais amatha kukankha kabatani ka mtengo wa thumba la ufa osaphethira. Kumeneko kulibe adhana. Dhuhr imadutsa, Asr imadutsa, Maghrib imalowa, munthu maso ali pa kampira.

Chigamulo cha Allah pa juga

Abale olemekezeka, nkhani ya juga ndi nyengo yozizira si yatsopano. Aluya a nthawi ya umbuli, Chisilamu chisanafike, ankatchova juga makamaka m'nyengo ya chisanu ndi njala. Ankagula ngamira pangongole, n'kuipha, n'kuigawa. Ankatenga mivi 10 yopanda nsonga n'kuiika m'thumba lachikopa. Mivi 7 inali ndi magawo, wina gawo limodzi, wina awiri, mpaka wamagawo 7, ndipo mivi itatu inalibe kanthu. Oluza ndiwo ankalipira ngamirayo. Opambana kawirikawiri ankagawira nyamayo osauka, n'kumadzitama ndi kuolowa manja kwawo, ndipo munthu wokana kulowa nawo ankamunyoza kuti ndi woumira. Masewera amenewa ankatchedwa maysir, ndipo ma ulama ambiri amati dzinali linachokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kuphweka, chifukwa ndi kutenga chuma cha mnzako mosavutikira.

Taonani bwino apa. Juga ya nthawi imeneyo inkadyetsa amphawi, komabe Allah anailetsa. Nanga juga ya lero, yomwe imalanda mmphawi kukalemeretsa eni mahotela?

Allah (Subhaanahu wa Ta'ala) anaikamba nkhaniyi m'masitepe. Mu Surah Al-Baqarah ndime 219, anthu atamufunsa Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) za mowa ndi juga, yankho linavomereza kuti muli kaphindu kena kwa anthu, koma linaika poyera kuti tchimo lake ndi lolemera kuposa phindulo. Kenako mu Surah Al-Maaidah ndime 90 ndi 91 chigamulo chomaliza chinatsika. Juga inaikidwa mzere umodzi ndi mowa, mafano ndi mivi yoombezera maula, ndipo zonsezi zinatchedwa uve wochokera ku ntchito ya Satana. Ndime yachiwiriyo inaulula cholinga cha mdaniyo: kudzala udani ndi chidani pakati pa anthu, ndi kuwatsekereza kukumbukira Allah ndi kupemphera Swalah.

Tikupemphani kuti mumvetsetse liwu limene Allah analigwiritsa ntchito polamula. M'Chiarabu liwulo limachokera ku muzu wotanthauza mbali. Tanthauzo lake ndi loti chinthucho chikhale mbali iyo, iwe ukhale mbali ina, pakati pakhale mtunda. Ndi lamulo lalikulu kuposa kungoti usatchove. Munthu amene walipira ulendo wodutsa Changara, Cuchamano, Harare ndi Beitbridge, kapena wakwera ndege pa Chingodzi, kuti akagone m'nyumba imene pansi pake pali matebulo a juga, kodi wakhala mbali ina?

Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) anatseka ngakhale khomo la lilime. M'hadith yochokera kwa Abu Hurayrah, yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim, analamula kuti munthu amene wangomuitana mnzake kuti akatchove juga apereke sadaka, ngakhale sanatchove. Ngati kuitana kokha kukufunika kufafanizidwa, nanga kukonza ulendo, kusonkha ndalama, ndi kukopa anzako pa gulu la WhatsApp kuti mupitire limodzi?

“Ine ndikungopita kukaona”

Tsopano tibwerere ku funso lija. Kunena zoona, kusambira ndi halaal, kudya chakudya cha halaal ndi halaal, kuona nyama za m'nkhalango ndi halaal. Sitikunena kuti aliyense woponda ku Sun City watchova juga. Koma pali zinthu zinayi zoti Msilamu aziyeze asanagule tikiti.

Choyamba ndi mtima wake. M'hadith ya Nu'man bin Bashir, yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim, Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) anapereka fanizo la mbusa wodyetsa ziweto m'mphepete mwa malo oletsedwa a mfumu, kuti sipatenga nthawi ziwetozo zilowamo. Ife a ku Tete, dziko la mbuzi, fanizoli sitifunika kulimasuliridwa. Mangani mbuzi pafupi ndi munda wa mnansi, mawa mukakhala pa mlandu kwa amfumu. Ambiri mwa omwe juga inawamanga anayamba ndi kuonerera, kenako kuyesa kamodzi ndi ndalama yochepa. Ndipo tsoka lalikulu limagwera amene wapambana pa tsiku loyamba, chifukwa kukoma kumeneko amakusakasaka moyo wake wonse. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Chachiwiri ndi malo amene akukhalapo. Mtumiki anatiletsa kukhala patebulo limene mowa ukuzungulirapo, monga analandira Tirmidhi ndi Ahmad. M'malo amenewa mowa ndi juga zimayendera limodzi monga momwe zinatchulidwira limodzi m'Qur'an. Ndipo Surah Al-Maaidah ndime 2 ikutiletsa kuthandizana pa machimo. Ndalama ya chipinda chogona ndi ya chakudya imalowa m'thumba lomwelo limene limayendetsa matebulo.

Chachitatu ndi ana. Malamulo salola mwana kulowa m'chipinda cha juga, n'zoona. Koma mwana ali ndi maso ndi makutu. Adzakumbukira kuti tchuthi chokoma kuposa zonse pa ubwana wake anachidyera pamalo a nyali zija, ndipo anamutengera kumeneko ndi bambo ake amene amavala kofia Lachisanu. Akadzakula n'kuona nyali zomwezo pa foni, mtima wake udzazilandira ngati m'bale. Allah mu Surah At-Tahrim ndime 6 watisenzetsa udindo wodzitchinjiriza tokha ndi mabanja athu ku Moto.

Chachinayi ndi Swalah ya paulendo. Mukudziwa kuti Allah anamupeputsira wapaulendo wa mtunda wa pafupifupi makilomita 80 kapena kuposerapo, kuti afupikitse Swalah ya maraka anayi kukhala awiri. Ma ulama a madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, pamodzi ndi a Imam Malik ndi Imam Ahmad, anati chipeputso chimenechi sichimukhudza munthu amene cholinga cha ulendo wake ndi kukachimwa. Iwo anasiyanitsa pakati pa wonyamuka ndi cholinga chabwino n'kulakwa panjira, ndi wonyamuka tchimolo lili kale m'chikwama. A madhhab a Imam Abu Hanifah anati kufupikitsa kumakhalapobe, koma tchimo la ulendowo nalonso lili pomwepo. Choncho amene akudziwa mumtima mwake kuti dziwe losambira ndi chophimba chabe, cholinga chenicheni ndi kukayesa mwayi, adziwe kuti ulendo wake walembedwa m'kaundula wina kuyambira pamene watseka chitseko cha nyumba yake.

Kodi malonda nawonso si juga?

Wina adzati: Shehe, bizinesi iliyonse ili ndi kupeza ndi kuluza, nanga kusiyana kuli pati? Funsoli tiliyankhe ndi nthaka yomwe takhalapoyi. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto inagula kampani ya Riversdale, yomwe inali ndi mgodi wa Benga, pa ndalama zoposa madola 3 biliyoni. Mu 2014 inagulitsa migodi imeneyi kwa ICVL ya ku India pa madola 50 miliyoni okha. Kumeneko ndi kuluza kwakukulu kuposa kwa wotchova juga aliyense amene timamudziwa. Komabe amenewo anali malonda, chifukwa panali chinthu chenicheni chogulidwa ndi kugulitsidwa, ndipo mgodiwo unatsala pamalo pake. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Zóbuè akhoza kuluza tomato akaola, koma tsiku limene wagulitsa, iye wapeza ndalama, wogula wapeza ndiwo, onse abwerera kwawo okondwa. Pa juga sizitheka kuti onse awiri akondwe. Phindu la uyu ndi misozi ya uyo, ndipo palibe chatsopano chimene chabadwa pakati pawo. N'chifukwa chake Surah An-Nisaa ndime 29 ikuletsa kudyerana chuma m'njira zachabe, n'kuloleza malonda ochitika mogwirizana.

Ndalama imeneyi ili ndi eni ake

Inu abambo, ndalama ya kumapeto kwa chaka imaoneka ngati yapadera, yopanda ntchito. Koma tayang'anani kalendala. Disembala ndi mwezi wa mbewu, feteleza ndi kupalira. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zimapepuka ndipo mtengo wa chimanga umakwera. Ndi nthawi yomweyo imene sukulu zimatsegulidwa, ana akufuna yunifolomu, makope ndi nsapato. Ndi nthawi imene malungo amachuluka. Ndalama ili m'thumba lanuyo ili kale ndi maina: ya mkazi wanu, ya mwana wanu, ya mayi anu okalamba kumudzi, ya amene munamukongola. Abu Dawud analandira hadith yochenjeza kuti kunyalanyaza anthu amene uli ndi udindo wowadyetsa ndi tchimo lokwanira palokha kumuononga munthu. Tirmidhi naye analandira hadith yotiuza kuti pa tsiku la Qiyaamah munthu adzafunsidwa mafunso awiri pa chuma chake: njira imene anachipezera, ndi njira imene anachigwiritsira ntchito. Amene wapuma fumbi la malasha miyezi 12, wagwira ntchito usiku anzake ali mtulo, kodi adzayankha kuti thukuta lonselo analisiya pa gudumu usiku umodzi?

Tikunena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, ndithu Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni chosatha.

KHUTBAH YACHIWIRI

Alhamdulillah. Kutamandidwa ndi kwa Allah Amene anachulukitsa halaal nachepetsa haraam. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo, wina asatuluke muno n'kumati Chisilamu chimadana ndi kupuma. Bukhari analandira nkhani ya Salman ndi Abu Dardaa. Salman ataona m'bale wakeyo akudzipanikiza ndi kusala ndi kupemphera usiku mpaka kuiwala za m'nyumba, anamukumbutsa kuti pambali pa Mbuye wake, thupi lake ndi banja lake nazonso zili ndi gawo loyenera kupatsidwa, ndipo Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) anavomereza mawu a Salman. Wogwira ntchito chaka chonse ayenera kupuma. Mkazi amene wasunga nyumba chaka chonse ayenera kuona malo ena. Ana ayenera kuseka ndi bambo awo.

Dziko la Allah ndi lotambasuka. Tengani banja mukwere ku Songo, ana akaone nyanja ya Cahora Bassa kumene magetsi amachokera. Kwerani ku Zóbuè ndi ku Ulónguè mukapume mphepo ya kumapiri. Olokani malire pa Mwanza mukaone abale amene mwatha zaka mukungowalonjera pa foni, chifukwa kulumikiza chibale kumawonjezera rizki ndi madalitso a moyo, monga Mtumiki anatiphunzitsira. Amene Allah wamupatsa zochuluka moti akhoza kulipira ndege ndi hotela ku South Africa, ayambe wawerengera Zakaat yake, kenako aganizire zosunga ndalamayo kuti tsiku lina idzamufikitse ku Makkah ndi ku Madinah. Ndipo amene ali ndi chifukwa chenicheni chopitira ku Johannesburg kapena ku Mbombela, kaya ndi malonda, chipatala kapena ntchito, apite mwamtendere. Asankhe malo ogona amene alibe kasino, afunse kumene kuli mzikiti asanafunse kumene kuli masitolo, ndipo ayende ndi mnzake womukumbutsa Swalah.

Tikudziwanso kuti ambiri mwa ife tilibe ndalama ya maulendo amenewa. Musaganize kuti khutbah ino yakudutsani. Lero mzinda wa juga wafupikitsidwa n'kulowa m'thumba la malaya. Kubetcha pa mpira, kandege kaja kouluka pa foni, ndalama zotumizidwa pa M-Pesa kapena e-Mola pakati pa usiku banja lili mtulo, zonsezi ndi maysir yemweyo, masamu ake ndi omwewo, chigamulo chake ndi chomwecho. Kuchepa kwa ndalama sikusintha dzina la tchimo. Ndipo inu amene mukuona zithunzi za anzanu atayima patsogolo pa nyumba zowala, mtima usakupwetekeni. Chithunzi sichionetsa ngongole.

Tsopano mawu kwa m'bale amene wagwa kale. Mwina uli pakati pathu pano, mtima ukugunda, pali ndalama ya sukulu imene mkazi wako akuganiza kuti ilipo koma inapita. Tamvera. Surah Az-Zumar ndime 53 ikuwaletsa akapolo a Allah amene adzichitira zoipa kutaya mtima pa chifundo Chake. Khomo lili lotsegula, ndipo njira yake ndi iyi.

Siya lero, Disembala asanathe. Usanene kuti nditchove komaliza kuti ndibweze zomwe ndaluza, chifukwa maganizo amenewo ndiwo chingwe chenicheni cha juga. Madzi akatayika sawoleka. Zomwe zapita zisiye, upulumutse zomwe zatsala. Chotsa mapulogalamu a kubetcha pa foni yako, tuluka m'magulu amene amakuitanira kumeneko. Muuze munthu mmodzi wokhulupirika, ndipo ngati n'kotheka khadi ya ku banki isungidwe ndi mkazi wako kapena m'bale wako kwa kanthawi. Lemba ngongole zako zonse, upite kwa eni ake ukapangane nawo za kabwezedwe. Ngati uli ndi ndalama yopambana pa juga, imeneyo si yako: ibweze kwa mwini wake ngati akudziwika, ndipo ngati sakudziwika ma ulama anati uichotse m'manja mwako poipereka kwa osauka kapena ku ntchito zothandiza anthu onse, ndi cholinga chodziyeretsa.

Dziwaninso kuti kwa anthu ena vutoli limafika pokhala matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika chizolowezi chosalamulirika cha juga m'ndandanda wa matenda. Ngakhale ku South Africa komweko kuli dongosolo loti munthu alembetse dzina lake kuti makasino asamulolenso kulowa. Eni malondawo akudziwa kuti katundu wawo amavulaza. Choncho amene wayesa kusiya n'kulephera asachite manyazi kupita kuchipatala kukaonana ndi odziwa za maganizo, uku akupempha chithandizo kwa Allah.

Ndipo inu akubanja, inu anansi, inu akuluakulu a mzikiti, m'bale wotere akabwera kwa inu musamuike pa mphambano. Mubisireni manyazi ake monga mukufunira kuti Allah akubisireni anu. Koma musamukongozenso ndalama m'manja. Ngati ana ake ali ndi njala, gulani ufa mukapereke kunyumba. Inu amayi, kufunsa za ndalama ya banja si mwano, ndi ufulu wanu ndi wa ana anu. Inu achinyamata, mnzanu akakuitanirani ku ulendo wotere, mukaneni mwaulemu n'kumuuza chifukwa chake. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Inu akapolo a Allah, mfunireni zabwino Mtumiki wanu, monga Allah wakulamulirani mu Surah Al-Ahzaab ndime 56.

O Allah, tsitsani madalitso ndi mtendere pa Muhammad ndi akubanja lake. O Allah, tikwaniritseni ndi halaal Yanu kuti tisayang'ane haraam. Dalitsani thukuta la ogwira ntchito m'migodi, m'misewu, m'misika ndi m'minda. Tipatseni mvula ya madalitso, yopanda chionongeko. Atetezeni apaulendo athu pa misewu ya nyengo ino, ndipo muwabweze kwa mabanja awo ali ndi Imaan yawo ndi chuma chawo. O Allah, masulani amene amangidwa ndi juga ndi ngongole, tonthozani mitima ya akazi ndi ana amene akuvutika chifukwa cha zimenezi, ndipo bwezerani chikondi m'nyumba zimene Satana wadzalamo udani. Akhululukireni makolo athu, ashehe athu ndi Asilamu onse, amoyo ndi omwe anatsogola. Lipatseni dziko lathu la Mozambique ndi maiko oyandikana nalo mtendere ndi chilungamo. Ameen.

Imirirani tipemphere Swalah, Allah akuchitireni chifundo.